Kodi Pentax K-50 ingapirire mvula ya ku Mulanje?

Funso: Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe ku Mulanje ndi ku Thyolo. Kamera yanga inafa chaka chatha itanyowa ndi mvula. Mlamu wanga amene ali ku Johannesburg wandipezera makamera awiri ogwiritsidwapo kale ntchito: Pentax K-50 yokhala ndi lenzi ya 18-55mm, ndi Nikon D7100 yokhala ndi lenzi ya 18-105mm, yomwe ndi yokwererapo mtengo. Ogulitsa akuti onse awiri ndi omatidwa bwino moti mvula ndi fumbi sizilowa. Kodi ndi zoona? Amene anakhalapo nawo makamerawa amati chiyani? Nditenge iti?

Yankho: Achimwene, pepani ndi kamera inapitayo. Ogulitsawo sakunama, koma akuuzani theka la nkhani, ndipo theka alisiyalo ndi limene lingadzakudyereni ndalama. Ndiyankha motalikirako, poti ntchito yanu ndi yosabwereza. Mkwati ndi mkwatibwi satulukanso m'tchalitchi kachiwiri kuti wojambula akonze kamera.

Makamera onse awiri anatuluka mu 2013, ndipo ndi omatidwadi. A Pentax analengeza kuti K-50 ili ndi zomatira m'malo 81 ndiponso kuti imagwira ntchito ngakhale kuzizire kufika madigiri 10 pansi pa ziro. A Nikon anati D7100 ndi yotetezedwa mofanana ndi D800 ndi D300S, makamera amene akatswiri ankawadalira nthawi imeneyo. Mutamasula imodzi mungaone kuti zomatirazo si zamatsenga. Ndi timalabala ndi timasiponji toikidwa m'mphepete mwa kachitseko ka batire, kachitseko ka memory card, pansi pa mabatani ndi timawilo totembenuza, komanso m'mene zidutswa za bodi (thupi la kamera lopanda lenzi) zakumanirana. Dontho likagwera pamenepo limalephera kudutsa msanga, limatsetsereka n'kugwa pansi. Ntchito yake yathera pomwepo: kuchedwetsa madzi. Madzi obwera ndi mphamvu, kaya a pampopi kaya a mumtsinje momwe kamera yagweramo, amakankha timalabalato n'kulowa.

Mwina munaonapo pa mafoni polembedwa IP67 kapena IP68. Umenewo ndi muyezo wodziwika dziko lonse: nambala yoyamba ndi ya fumbi, yachiwiri ndi ya madzi. Foni ya IP67 inayesedwa poimiza m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. A Pentax, a Nikon ndi a Canon saika nambala yotere pa makamera awo a DSLR (makamera osintha lenzi okhala ndi kalilole mkati, monga awiri anuwo), choncho palibe chimene anakulonjezani chokhala ndi muyezo. Kuti muone kutalika kwa mtunda wake, OM System OM-1 ya 2022, yomwe ojambula amaiwerengera m'gulu la makamera omatidwa bwino kwambiri, ili ndi IP53 chabe. Kutanthauza kuti imapirira madzi owazidwa kuchokera pamwamba ndi chapambali pang'ono, osati kumizidwa. Buku la malangizo la D7100 limanena kuti chinyezi cha mumpweya chisapitirire 85 peresenti, ndipo waranti ya makampaniwa siikhudza kamera yowonongeka ndi madzi. Yanuyo ndi yakale, waranti inatha kale, koma mfundoyi ikuonetsani mmene opangawo amazikhulupirira zomatira zawo.

Nanga eni ake? Ambiri amayamikira, ndipo a Pentax ndiwo amayamikira mokweza mawu kuposa onse. Ali ndi chifukwa. Kale chitetezo chotere chinali cha makamera odula a atolankhani, monga Olympus E-1 ya 2003 ndi makamera akuluakulu a Canon ndi Nikon. Mu 2006 Pentax inatulutsa K10D yokhala ndi zomatira 72 pa mtengo wosafika madola 1,000, ndipo kuchokera pamenepo inapitiriza kumata ngakhale makamera ake a anthu wamba: K200D mu 2008, K-30 mu 2012, kenako K-50 yanuyo. Anthu okwera mapiri, opha nsomba ndi ojambula mbalame ku Scotland, ku Norway ndi ku Canada amasimba zojambula maola ambiri mvula ikuwaza kapena chipale chikugwa, kamera ili m'khosi yosafunditsidwa, n'kubwerera kunyumba ili bwinobwino. Mu 2012 msilikali wina wa ku America amene anali ku Afghanistan anaika pa intaneti kanema womuonetsa akukwirira Pentax K-7 ndi K-5 ndi mchenga, kenako n'kuwatsuka pa shawa, ndipo onse awiri ankajambulabe. Kanemayo anagulitsa makamera a Pentax kuposa malonda ambiri a kampaniyo, ndikuganiza choncho ine.

Koma nkhani zoterezi muzizimva ndi khutu la munthu wamalonda. Makamera a msilikali uja anali asanakalambe, ndipo anali ndi malenzi a DA*, odula komanso omatidwa okha. Ndiponso amene kamera yake yafa ndi mvula sajambula kanema woti adzitame naye. Amangolemba kuti galasi loyang'aniramo lachita nkhungu mkati, kapena batani lina lasiya kumva, kapena kamera ikuyaka n'kumazima yokha. Madandaulo otere alipo pa Pentax, pa Nikon ndi pa Canon pomwe, ndipo mukawawerenga modekha mumapeza kuti ambiri amabwerera ku zinthu zochepa zomwezomwezo.

Choyamba, ndipo chachikulu, ndi lenzi. Kutsogolo kwa DSLR iliyonse kuli chibowo chachikulu cholowetsapo lenzi, ndipo kuseri kwake kuli kalilole, shata (kachitseko kotseguka pojambula) ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala n'kupanga chithunzi), zonse zili pambalambanda. Zomatira 81 zija sizitseka chibowo chimenecho. Chimatsekedwa ndi lenzi, choncho bodi yomatidwa yokhala ndi lenzi yosamatidwa ili ngati nyumba ya malata atsopano koma zenera lopanda galasi. Apa ndiye mlamu wanu agwire ntchito. Lenzi ya Pentax ya 18-55mm inapangidwa m'mitundu ingapo yofanana maonekedwe, ina yomatidwa, ina ayi. Yomatidwa imalembedwa zilembo za WR pa dzina lake, ndipo mukaichotsa pa kamera mumaona kalabala kofiira kozungulira kumbuyo, pamene imakumanirana ndi bodi. K-50 yatsopano inkabwera ndi ya WR, koma kamera ikadutsa m'manja mwa anthu awiri atatu malenzi amasinthidwa, ndipo wogulitsa mwina sadziwa n'komwe. Alamuwo akutumizireni zithunzi ziwiri pa WhatsApp: cha zolembedwa pa lenzi, ndi cha kumbuyo kwake. Popanda WR ndi kalabala kofiirako, chifukwa chenicheni chogulira Pentax chatha.

Lenzi ya Nikon ya 18-105mm ilibe kalabala kalikonse kumbuyo, ndipo polumikizira pake ndi papulasitiki. Imajambula bwino ndithu, koma pa nkhani ya mvula ndi lenzi wamba. Ya 18-140mm ili nako kalabala kumbuyo, zomwe zimathandiza kuti madzi asatsikire m'chibowo chija, ngakhale kuti thunthu lake lonse silinamatidwe. Malenzi a Nikon omatidwa mokwanira ndi a akatswiri, monga 17-55mm f/2.8 kapena 70-200mm f/2.8, ndipo mtengo wake ukhoza kuposa wa kamera imene. Kwa a Canon n'chimodzimodzi: malenzi omatidwa ambiri ndi a gulu la L, ndipo ena mwa iwo, monga 17-40mm f/4L, amafuna filter (kagalasi kowonjezera) kutsogolo kuti kumatako kukwanire. Pentax inachita bwino pamenepa pomata malenzi otsika mtengo, monga 18-55mm, 50-200mm, 55-300mm ndi 18-135mm. Ndiye tikangoona mvula yokha, K-50 yokhala ndi lenzi ya WR ikuposa D7100 yokhala ndi 18-105mm, ndipo palibe mkangano.

Ngakhale lenzi ya WR ili ndi khalidwe lina loti mulidziwe. Mukamakoka chithunzi kuti chiyandikire, thunthu la lenzi limatuluka, mukabweza limalowa, ndipo potero lenzi imapuma mpweya. Thunthu lotulukalo likanyowa inu n'kulibweza mwachangu, madontho ena amadutsa kalabala n'kukakhala mkati. Eni ake ozolowera amapukuta thunthulo ndi kansalu asanalibweze, kapena pamvula amangosankha pamodzi n'kusiya kukokakoka. Hood, kachipewa kotchinga kutsogolo kwa lenzi, isamachoke, chifukwa dontho limodzi pa galasi la kutsogolo limawononga chithunzi ngakhale kamera ili youma mkati.

Chachiwiri ndi zitseko zimene timatsegula tokha. Memory card ikadzadza pakati pa mwambo, munthu amatsegula kachitseko ndi zala zonyowa, mvula ikugwera momwemo. Batire n'chimodzimodzi. Timalabala totseka mabowo a mawaya kumbali kwa kamera timasiyidwa tili lende, kapena tinaduka kalekale. Mukalumikiza maikolofoni kapena waya uliwonse, bowo limenelo lili poyera. Ndipo kwa inu a maukwati pali fulashi. Kampando kachitsulo ka pamwamba pa kamera pamene fulashi imakhala kali ndi timitu ta magetsi, ndipo madzi akakhala pakati pa timitu timeneti fulashi imayamba kuwala yokha kapena kukana kuwala. Mafulashi otchipa amene ambirife timagwiritsa ntchito ndi osamatidwa, ndipo mkati mwake mumasungidwa magetsi a mavoti pafupifupi 300. Mvula ikayamba, fulashi ndiyo iyambe kulowa m'chikwama. Kafulashi ka pa kamera komwe kamatumphuka kaja musakadzutse pamvula, pansi pake pamasunga madzi. Pansi pa kamera naponso m'posadalirika: kuiika pa tebulo lamadzi kapena pa udzu wonyowa n'koopsa kuposa kuinyamula m'manja mvula ikugwa, chifukwa opanga amaganizira kwambiri madzi ochokera kumwamba.

Si madzi onse ofanana. Mvula ndi madzi a m'nyanja yathu ya Malawi alibe mchere, akauma sasiya zambiri. Madzi a m'nyanja yamchere, kunena ku Durban kapena ku Beira, amadya zitsulo ndi mawaya a mkati, ndipo okonza makamera ambiri amakana n'kuigwira komwe kamera yoti inalowa madzi amchere. Ichi chikupatseni funso lina lofunsa wogulitsa: kamerayo inkagwira ntchito kuti? Ku ukwati mdani wake ndi zakumwa. Shampeni wopopedwa ku madyerero ndi zakumwa za shuga zikauma zimamata mabatani ndi timawilo, ndipo zomatira sizithandizapo kanthu. Zikatero pukutani tsiku lomwelo ndi kansalu konyowetsedwa pang'ono ndi madzi oyera. Thukuta la mwezi wa October nalonso lili ndi mchere, limasonkhana pa galasi loyang'aniramo ndi pa mabatani a kumbuyo.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufuna mugwiritse kwambiri, chifukwa kwanuko ndi chimene chimapha zipangizo zambiri kuposa mvula yogwa mukuiona. Kamera imafera m'chikwama, ntchito itatha. Mwabwera usiku mwatopa, kamera yanyowa pang'ono, lamba wake wanyowa, chikwama chayamwa madzi, mwatseka zipi n'kuika m'kabati mpaka Loweruka lotsatira. Zomatira zomwe zimachedwetsa madzi kulowa zimachedwetsanso chinyezi kutuluka. Mlungu wonsewo chinyezi chikugwira ntchito mkati: dzimbiri pa timitu ta magetsi, ndi chuku pa magalasi a lenzi. Kampani yopanga malenzi ya Zeiss imati chuku chimamera chinyezi cha mumpweya chikafika 70 peresenti kwa masiku oposa atatu, kutentha kuli pakati pa madigiri 10 ndi 35, pamalo amdima osapita mphepo. Werenganinso mawuwo muli kuganiza za kabati ya m'nyumba ya ku Mulanje mwezi wa February, nthawi ya mvumbi, nsapato zikuchita chuku pansi pa bedi. Palibe chosowapo.

Chuku cha mu lenzi chimayamba ngati timizere toyera tanthambinthambi m'mphepete mwa galasi. Poyamba simuchiona pa zithunzi. Pakapita miyezi zithunzi zimayamba kuoneka zotuwa, makamaka mukajambula moyang'ana kuwala, monga diresi loyera la mkwatibwi padzuwa. Chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wopakidwa pa galasi, ndipo ngakhale katswiri atachipukuta zipsera zimatsala. Lenzi ya WR siitetezeka ku zimenezi, pakuti imapuma mpweya monga ndanena kale.

Mankhwala ake ndi otchipa poyerekeza ndi kamera. Mukafika kunyumba pukutani kamera yonse ndi thaulo louma musanatsegule kachitseko kalikonse. Kenako tulutsani thunthu la lenzi mpaka pamapeto, mulipukute, muchotse batire ndi memory card, musiye zitseko zili chitsegulire pamalo opita mphepo usiku wonse. Lamba muumitse payekha, chikwama chikhuthuleni muchiyanike. M'mawa kamera ilowe m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, lokhala ndi labala pa chivundikiro, pamodzi ndi silica gel (timibulu toyamwa chinyezi) wokwanira, kunena kapu yodzadza, osati timapaketi tiwiri ta m'bokosi la nsapato tomwe tinakhuta chinyezi kale. Gulani wosintha mtundu: wa olenji amasanduka wobiriwira akakhuta, wa buluu amasanduka wa pinki. Akatero mumuumitse mu uvuni pa madigiri pafupifupi 100 mpaka 120 kufikira mtundu ubwerere, n'kumugwiritsanso ntchito. Muikemonso kachipangizo koyezera chinyezi, n'kotchipa, alamu akhoza kukatumiza pamodzi ndi kamera. Chinyezi chizikhala pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Kuumitsa mopitirira sikwabwino, mafuta a mu lenzi ndi malabala zimauma. Kuli makabati a magetsi opangidwira ntchito imeneyi, koma ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno bokosi la silica gel silikhumudwitsa. Ndipo kamera yogwira ntchito kawirikawiri, yoona kuwala ndi mphepo, sichita chuku msanga ngati yosungidwa.

Palinso chinyezi chobadwira mkati momwemo. Mwakwera galimoto ya akwati yozizira ndi air con, kamera ili pamwendo yazizira, mwatsika pa tchalitchi kunja kukutentha ndi chinyezi. Nthawi yomweyo galasi la lenzi lachita nkhungu, ndipo nthawi zina mkati momwe, mosapukutika. Apa zomatira zilibe mlandu, ndi mame chabe opangika pa chinthu chozizira. M'galimoto kamera izikhala m'chikwama chotseka, kutali ndi potulukira mphepo yozizira, ndipo mukatsika ipatseni mphindi zingapo musanatsegule. Chiperoni cha June ndi July, chija chimaphimba minda ya tiyi masiku angapo, kamera yomatidwa imachipirira bwino kwambiri chifukwa madontho ake alibe mphamvu. Choopsa chake n'chakuti munthu saona kuti wanyowa, ndiye amaiwala kuumitsa zipangizo.

Madzi akalowa ndithu, muona nkhungu m'galasi loyang'aniramo kapena pansi pa sikirini, kapena mabatani ayamba kuchita zawozawo. Zimitsani pomwepo, chotsani batire, ndipo musayatsenso kuti muone ngati ikugwira. Madzi paokha sawotcha kanthu, chowotcha ndi magetsi oyenda m'madzimo. Chotsani lenzi, tsegulani zitseko zonse, ikani m'bokosi la silica gel masiku angapo. Musaiyandikize pa mbaula, musaiyanike padzuwa la masana. Mpunga umene anthu amakwiriramo mafoni umayamwa chinyezi pang'ono kwambiri, ndipo umasiya fumbi lake m'kamera.

Za fumbi sindichulutsa. Bodi yomatidwa imathandizadi m'misewu yafumbi ya September ndi October, timawilo sitichita mchenga msanga. Koma fumbi lofika pa sensa limalowa posintha lenzi, ndipo lina limapangidwa ndi shata ndi kalilole momwemo. Sinthirani lenzi m'nyumba kapena m'galimoto, kamera itazimitsidwa, chibowo chitaloza pansi. Makamera onse awiri amadzigwedeza sensa kuti fumbi ligwe, ndipo lotsala mumalichotsa ndi kapampu kalabala kopopera mphepo. Musauzire ndi pakamwa, ndipo nsonga ya chitenje kapena ya malaya isafike pa sensa.

Tibwere ku ukalamba. Makamera awa apitirira zaka khumi. Labala amauma n'kung'aluka, siponji imaphwatalala n'kusiya kubwerera. Kamera imene inagwapo pansi imatha kukhala ndi kampata kosaoneka ndi maso, ndipo imene inatsegulidwapo ndi wokonza wosasamala mwina timalabala tina sitinabwezeredwe. Choncho K-50 ya lero musaiyese K-50 ya 2013. Alamu ayang'ane m'mphepete mwa kachitseko ka batire ndi ka memory card ngati zomatira zili zonse ndipo n'zofewa, aone ngati zitsekozo zikutseka mothina, ayang'ane timasikuluwu ta pansi ngati tili ndi dzimbiri kapena zipsera za sikuludiraiva, aunike m'chipinda cha batire ngati muli zoyera kapena zobiriwira. Aunike ndi tochi ya foni kudutsa mu lenzi kuti aone chuku. Ajambule khoma loyera pa f/16 (kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi katachepetsedwa kwambiri) kuti madontho a pa sensa aoneke. Afufuzenso kuti shata yawomba kangati, nambalayo imabisika m'chithunzi chilichonse ndipo pali masamba a pa intaneti oiwerenga mwaulere. A Nikon anayesa shata ya D7100 kufika maulendo 150,000, ndiye yoti yadutsa 100,000 mtengo wake utsike ndithu.

Ndipo pali matenda a K-50 amene wogulitsa sangawatchule, osakhudzana n'komwe ndi mvula, koma eni ake amawadziwa bwino. Mkati mwa K-30, K-50, K-500, K-S1 ndi K-S2 muli kachipangizo kakang'ono ka maginito, solenoid, kamene kamalamula kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi. Pa makamera ambiri a mitundu imeneyi kachipangizoka kamayamba kukakamira pakapita zaka zingapo. Kakakakamira, kabowo kamatsekeka mpaka pothera mosasamala zimene mwasankha, ndipo chithunzi chimatuluka chakuda bii kapena chamdima kwambiri. Zimayamba mochenjera: kamera ikagona masiku angapo, zithunzi ziwiri zitatu zoyamba zimada, zotsatira zili bwino. Pakapita nthawi zoyamba zakudazo zimachuluka mpaka zonse. Ndiye wogulitsa wochenjera akhoza kuiwombetsa kangapo inu musanafike, n'kukupatsani ikugwira bwino. Njira yoyesera ndi kuipeza itagona usiku wonse, kuika pa Av (pamene mumasankha nokha kukula kwa kabowo) ndi f/3.5 (kabowo kotseguka kwambiri), n'kuona chithunzi choyambirira penipeni. Eni ake ena amakonza okha pochotsa kachipangizo kobiriwira kamene kanabwera ndi kamera n'kuikapo koyera kochokera m'makamera akale a Pentax monga K100D, ndipo amati akatero vuto silibwereranso. Koma ntchitoyo imafuna kumasula bodi ndi kuwotcherera timawaya, ndipo bodi ikamasulidwa tabwerera ku funso la zomatira lija. Ena amazemba vutoli pogwiritsa ntchito malenzi akale okhala ndi mkombero wosankhira kabowo pamanja, koma malenzi amenewo ndi osamatidwa, ndipo pa ukwati mulibe nthawi yotero. K-7, K-5, K-5 II ndi K-3 zimayendetsa kabowoko mwa njira ina ndipo matendawa sizidwala.

Poti kamerayi ndi yodyera, tiyang'anenso zina. D7100 ili ndi malo a memory card awiri, moti chithunzi chilichonse chikhoza kulembedwa pawiri. Kwa wojambula maukwati chimenechi ndimachiika pamwamba pa zomatira, chifukwa khadi likafa ndi zithunzi za ukwati wa eni, palibe chowauza. K-50 ili ndi malo amodzi. D7100 ili ndi mamegapikiseli 24 ndi timadontho 51 tofunira fokasi, K-50 ili ndi 16 ndi timadontho 11, ndipo m'tchalitchi chamdima kusiyanako kumamveka. D7100 ili ndi polowetsa maikolofoni, K-50 ilibe, ndiye ngati mumajambulanso kanema wa malumbiro nkhani yatha pomwepo. Batire la D7100, EN-EL15, limagwiranso m'makamera ena ambiri a Nikon, ndipo limajambula zithunzi pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi la K-50. Chofooka cha D7100 n'chakuti mukawombetsa motsatizana pa RAW (mafayilo akuluakulu a zithunzi zosakonzedwa) imatopa patangopita zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, n'kuyamba kudikira khadi. K-50 nayo ili ndi zake zabwino: imaletsa kugwedera kuchokera mu bodi, choncho lenzi iliyonse imapindula, ngakhale zakale za K mount (polumikizira lenzi pa Pentax) zoyambira mu 1975, ndipo ndi kachonyamulira kapadera imalandira mabatire anayi a AA, chinthu chothandiza kumudzi kopanda magetsi. Koma ganizaninso za tsiku limene chaja yapsa Lachisanu madzulo. Ojambula anzanu ambiri ku Blantyre ndi ku Limbe ali ndi Canon kapena Nikon, mukhoza kubwereka batire, lenzi kapena fulashi. Wa Pentax mudzamufuna ndi nyali. Ricoh, yomwe inagula Pentax mu 2011, inapitiriza kutulutsa ma DSLR atsopano, monga K-3 Mark III ya 2021 ndi KF ya 2022, pamene Nikon ndi Canon sanatulutsenso DSLR yatsopano chidutsire 2020. Komabe zipangizo zakale za Nikon zili mbwee pamsika, ndipo zikhala choncho zaka zambiri.

Ndiye nayi mbali yanga. Ngati kamerayi idzakhale yokhayo imene muli nayo, tengani D7100, malinga ipambane mayeso ndatchula aja, ndipo muzikumbukira kuti lenzi yake si ya pamvula. Mukadzapeza ndalama sinthani 18-105mm ndi 18-140mm, kapena onjezani 35mm f/1.8G, yomwe ili ndi kalabala kumbuyo ndipo imaona bwino mumdima. K-50 ndingaigule pokhapokha lenzi ili ya WR, chithunzi choyamba cha m'mawa chatuluka chowala, ndipo mtengo ndi woti ikadzadwala matenda aja simudzalira. Ikatero ndi kamera yachiwiri yabwino kwambiri, yotulutsa mvula ikayamba inayo n'kubisala. Ngati mtima wanu wakondadi Pentax chifukwa cha mvula ya kwanuko, alamu asiye K-50 afunefune K-5 II kapena K-3 yokhala ndi 18-135mm WR. Zimenezo bodi yake ndi ya chitsulo cha magnesium, zili ndi polowetsa maikolofoni, ndipo K-3 ili ndi zomatira 92 komanso malo a makhadi awiri.

Iliyonse mungatenge, m'chikwama muzikhala chofunditsira. Zogula zilipo, koma jumbo yoonekera mkati yolimbirako imagwira ntchito yomweyo: boolani kona imodzi kukula kwa hood, tulutsani hood pamenepo, mangani ndi labala wa ndalama kapena tepi, manja alowe chakumbuyo kotsegukako. Onjezani thaulo laling'ono limodzi la bodi ndi kansalu kena ka galasi kosungidwa m'kajumbo kake kuti kakhale kouma. Ndipo pa ukwati wa m'dzinja muzipangana ndi mnyamata wokugwirirani ambulera, mtengo wake muuphatikize pa ndalama imene mumatchaja.